Rotavirus wa m'khola: Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa akumufufuza mosiyana

Thole likayamba kutsegula m'mimba lisanathe masabata atatu, ndowe zake zili zamadzi komanso zachikasu, maso atalowa m'kati, kamodzi mwa tizilombo toyamba kutiganizira ndi rotavirus. Ndi m'bale wake wa kachilombo kamene kamagoneka makanda m'chipatala. Ndipotu anayamba kumuzindikira mu ng'ombe: ku Nebraska anamupeza mu mathole mu 1969, pamene Ruth Bishop ndi anzake ku Melbourne anamuona mwa ana mu 1973.

Akatswiri amamugawa m'magulu poyang'ana mapuloteni awiri a pakhungu pake. Ina amaitcha G, inayo P, ndipo iliyonse ili ndi nambala yake, ngati nambala ya galimoto yokuuza kumene yachokera. Mu ng'ombe mumapezeka kwambiri G6, G8 ndi G10, zophatikana ndi P[1], P[5] kapena P[11]. Mwa anthu, wotchuka ndi G1P[8]. Chovuta n'chakuti majini ake (malangizo a chibadwa chake) ali m'zidutswa 11, ndiye wa ng'ombe ndi wa munthu akakumana m'matumbo amodzi amatha kusinthana zidutswa, n'kutuluka wosakanikirana.

Apa m'pamene Malawi anamveka dziko lonse. Kuyambira 1997, ofufuza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi a ku Liverpool, ankasanthula chimbudzi cha ana otsegula m'mimba. M'zaka zoyambirirazo anapeza kuti pa tizilombo titatu tilitonse, kamodzi kapena kuposerapo kanali G8, mtundu umene kumayiko ambiri unkadziwika kuti ndi wa ng'ombe ndipo mwa ana unali wosowa. Kafukufukuyo sanalekezere panjira. Wapitirira zaka zoposa 20, katemera wa ana wa Rotarix asanabwere mu October 2012 komanso atabwera, moti mayiko a mu Africa amene ali ndi mbiri yaitali chonchi ndi owerengeka.

Koma mphamvu zathu zonse zinapita kuwodi ya ana. Sindikudandaula, mwana ndi mwana. Kungoti chala cha G8 chinkaloza kukhola, ndipo dzina la Malawi pankhaniyi limamvekabe pa ana basi. Kwa alangizi a ziweto, zimene zimawadzutsa usiku ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Thole lofa ndi m'mimba silitseketsa msika, ndiye silimveka kulikulu. Amene amalimva ndi mayi wa ku Thyolo kapena Chiradzulu woweta ng'ombe imodzi yamkaka, amene thole lachikazi lija limayenera kupita kwa mnzake wa m'gulu monga kubweza ngongole.

Mozambique anachedwa ndi katemera wa ana, anayamba mu September 2015. Koma anachita chimene ine ndimachisirira: anatola ndowe. Mu 2021 ofufuza a ku Mozambique ndi South Africa anafalitsa majini athunthu a rotavirus 7 ochokera mu ng'ombe za mayiko awiriwa. Onse anali G6 kapena G10, ndi P[5] kapena P[11], ndipo majini awo ankaonetsa kuti asinthana zidutswa kambirimbiri. Inde, 7 ndi ochepa. Komabe tsiku limene mwana wa ku Maputo adzapezeke ndi mtundu wachilendo, adzakhala ndi choyerekezera cha m'khola la kwawo komweko, m'malo modalira za ng'ombe za ku Ulaya.

Zambia ili pakati. Rotarix anayamba m'chigawo cha Lusaka mu 2012, dziko lonse mu 2013. Sukulu ya madokotala a ziweto pa yunivesite ya Zambia (UNZA) inatsegulidwa m'ma 1980, zaka zambiri ya ku LUANAR isanabadwe, ndiye anthu odziwa ntchito ali nawo. Chimene chinatchuka kumeneko sichinachokere mu ng'ombe ayi. Mwana wina wa ku Kasama, wosalandira katemera, anapezeka ndi G5P[6], mtundu wofanana ndi wa nkhumba. Majini ake anakawerengedwa ku University of the Free State ku Bloemfontein.

Kumeneko ndiko kuli mphamvu ya South Africa: makina ndi ndalama. Anayamba kutemera ana mu 2009, oyandikana nawo onse asanayambe. Mlimi wa ng'ombe zamkaka amathanso kugula katemera ngati Rotavec Corona, wobaya ng'ombe ya bere pakati pa masabata 12 ndi 3 isanaswe. Thole silibayidwa. Chitetezo limachiyamwa mu mkaka woyamba uja wachikasu, ndipo likachedwa kuyamwa maola oyambirira ndiye kuti ndalama ija yalowa m'madzi. Katemerayu anamupanga kuchokera ku G6P[5] wa ku Britain, ndiye dziko lofuna kuitanitsa liyenera kudziwa ngati m'makola mwake mwadzaza G6 kapena G10 ndi G8.

Kuti mankhwala amodzi amagwira mosiyana malinga ndi dziko tinaziona kale pa ana. Rotarix atayesedwa m'mayiko awiri nthawi imodzi, zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti anachepetsa kutsegula m'mimba koopsa ndi 77 peresenti ku South Africa, koma 49 peresenti yokha ku Malawi. Ngakhale zinali choncho, pa ana 100 alionse anapulumutsa ambiri kuno kuposa uko, chifukwa matendawo anali ochuluka kuno. Zifukwa zimene katemerayu anagwirira mochepa kuno zimakhudzanso zakudya ndi matenda ena a m'matumbo, osati mtundu wa kachilombo wokha.

Ndikaika onse pasikelo, njira ya South Africa siingatengedwe yonse ndi mlimi wa ng'ombe imodzi amene furiji ili kutali. Ya Mozambique ndiyo tingaikwanitse. Magulu osonkhanitsa mkaka a SHMPA, bungwe la alimi a ng'ombe zamkaka a ku Shire Highlands, amadziwa khola lililonse limene muli thole latsopano, ndipo anthu odziwa kuwerenga G ndi P ali kale ku Blantyre, ulendo wosakwana maola awiri kuchokera kumakola a ku Thyolo.