Oukira boma nawonso malamulo a nkhondo amawamanga

Ambiri timaganiza kuti gulu likanyamula mfuti n'kulowa m'tchire kukaukira boma, ndiye kuti palibenso lamulo loligwira. Si choncho ayi. Mapangano anayi a ku Geneva a 1949 onse ali ndi ndime 3 yofanana, ndipo imamanga mbali iliyonse pa nkhondo yapachiweniweni, kaya ndi boma kaya ndi zigawenga. Wogonja asaphedwe, wogwidwa asazunzidwe, wovulala athandizidwe, anthu asagwidwe ngati chikole. Thomas Lubanga, mtsogoleri wa gulu lina la zigawenga ku DR Congo, sanali mtsogoleri wa dziko, komabe bwalo la ICC, lozenga milandu ikuluikulu pa dziko lonse, linamupeza wolakwa mu 2012 chifukwa cholemba usilikali ana osakwana zaka 15. Dominic Ongwen wa gulu loukira boma la LRA ku Uganda anagamulidwa zaka 25 mu 2021, ngakhale kuti iye mwini anabedwa ali mwana n'kusandutsidwa msilikali. Nkhani ya ameneyu imandiwawa mpaka pano.

Koma pamene mtima wanga sukhazikika ndi apa. Msilikali wa boma akagwidwa pa nkhondo ya mayiko awiri, amakhala mkaidi wa nkhondo, ndipo saimbidwa mlandu chifukwa chongomenya nkhondoyo. Woukira boma alibe chitetezo chimenechi. Angathe kutsata malamulo onse, osakhudza munthu wamba ndi mmodzi yemwe, osawotcha mudzi, koma akagwidwa boma lili ndi mphamvu yomuzenga mlandu woukira dziko ndi wakupha. Ndiye mtsogoleri wa gululo awauza chiyani anyamata ake kuti asunge akaidi amoyo, pomwe wosunga lamulo ndi woliphwanya onse akudikira ndende imodzi?

Pangano lachiwiri loonjezera pa mapangano a ku Geneva aja, la 1977, linaona vutoli. Ndime 6 imapempha olamulira kuti nkhondo ikatha ayesetse kukhululukira ochuluka mwa amene anamenya nawo. Ine ndikuti maboma azilonjeza zimenezi poyera nkhondo ikadali mkati, kuti wam'tchire adziwe kuti kuleza dzanja kuli ndi phindu. Wogwiririra amayi, wopha anthu wamba, wolemba ana usilikali, ameneyo chikhululukiro chisamukhudze.

Maboma amaopa kuti kulola a Red Cross kukambirana ndi magulu oukira boma ndi kuwapatsa ulemu wa boma. Manthawa alibe maziko, chifukwa ndime 3 yomweyo imanena kuti kuitsata sikusintha udindo wa mbali zomenyanazo pamaso pa lamulo. Bungwe la Geneva Call, lomwe linayamba mu 2000, lasainitsa magulu ambiri otere malonjezo osiya mabomba okwirira pansi ndi kulemba ana usilikali, ndipo palibe gulu lomwe linasanduka boma chifukwa cha siginecha imeneyo. Mayi wokhala m'dera lolamulidwa ndi zigawenga amafuna mankhwala lero, ndipo galimoto yonyamula mankhwalawo singadutse pokhapokha wina atakhala pansi ndi amene agwira msewuwo.