Nyimbo yomwe ndaikonda ndimafuna ikhale m'nyumba mwanga

Abale anga a kuno ku Harare, inu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku mpaka ku Epworth komwe timayankhulabe chathu chija, lero ndilankhuleko za nyimbo. Ine kumvera nyimbo pa intaneti sindikukana ayi, nanenso ndimamvera, koma nyimbo yomwe yandilowadi mumtima ndimafuna ikhale yanga, ndiziiona ndi maso, kaya ndi pa CD kaya pa kaseti kaya pa memory card, bola ikhale m'nyumba mwanga osati pa makompyuta a anthu a kunja. Achinyamata akamva zimenezi amati achikulirewa atsalira, koma tandimverani kaye.

Spotify inayamba ku Sweden mu 2008 ndipo kuno ku Zimbabwe ndi kumudzi ku Malawi yafika mu 2021. YouTube nde ya 2005, Boomplay ambiri tinangoipeza ili kale m'mafoni a Tecno ndi itel. Zinthu zabwino ndithu, nyimbo mamiliyoni mamiliyoni m'thumba. Koma kuti nyimbo imodzi ilire pamafunika data, pafunike netiweki, foni ikhale ndi moto, nde ukafuna yopanda zotsatsa malonda ukhalenso ndi khadi ya kubanki yokhala ndi madola. Ife ambiri timagula bando ya WhatsApp basi, ya sabata, nayonso powerengera. Nanga za magetsi ndichite kukuuzani? Mu 2019 madzi atachepa ku Kariba timakhala mpaka maola 18 mumdima, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali chonchi netiweki nayo imayamba kuvuta. Pamenepo kawailesi ka sola kokhala ndi memory card kamangoyimba osafunsa kanthu.

Ena amati ukhoza kupanga download nyimbo mu app momwemo n'kumamvera wopanda data. Zoona, koma pa Spotify zimenezo ndi za olipira, komanso foni imayenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse, apo bii nyimbo zija zitsekeka. Mwezi umene wasowa ndalama zonse zatha. Ife a mu Harare za lendi timazidziwa bwino, ukhoza kukhala m'nyumba zaka zambirimbiri, kupenta, kudzala maluwa, koma tsiku lomwe walephera kulipira umadziwa kuti nyumbayo sinali yako. Komanso nyimbo imatha kungosowa, mwini wake akasemphana ndi kampani amaichotsa, iwe umangoona dzina lili mbuu silikulira.

Koma chenicheni chomwe chimandipweteka si ndalama ayi. Nyimbo zomwe ife ana a Amalawi tinakula nazo kuno, zambiri pa intaneti palibe. Oimba otchuka alipo, a Alick Macheso ndi a Nicholas Zakaria omwe makolo awo anachokera kwathu konkuja ndipo anaimbako m'Chichewa muwapeza, za ku Balaka zija za a Alleluya Band zina muzipeza. Nanga makwaya? Kwaya ya mpingo wakutiwakuti ku Ntcheu kapena ku Dedza yomwe inajambula kaseti imodzi yokha n'kugulitsa pakhomo la tchalitchi, amayi a Mvano, anyamata a banjo a kumudzi omwe sanafike n'komwe pa TV, zimenezi mukazisaka mutopa. Zinkabwera ndi anthu pa basi, kuchoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kulowa pa Nyamapanda, kaseti ili m'chikwama limodzi ndi usipa, mpunga wa kilombero ndi tiyi wa Chombe. Munthu akafika kuchokera kumudzi madzulo ake nyumba imadzaza, anthu abwera kudzamva za maliro ndi za mvula komanso kudzamva nyimbo zatsopano. Makaseti ambiri anali ogulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe, ali ndi kasitika ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi alembi ku Malawi, pachikuto kosonyeza kuti si yakuba.

Mayi anga aang'ono a ku Mabvuku mpaka lero ali ndi katoni ya makaseti pansi pa bedi. Ukaitsegula mumatuluka kafungo ka pepala lakale, zikuto zina zinang'aluka anazimanga ndi labala, ina analemba ndi bolopeni dzina la amene anabwera nayo ndi chaka chake. Akafuna nyimbo sawerenga n'komwe, amangoona chithunzi, amayi atavala zoyera ataima pamzere kutsogolo kwa tchalitchi cha njerwa, basi akudziwa kuti nyimbo yomwe akufuna ili mbali B yachiwiri. Amalowetsa bolopeni ya Bic pabowo n'kumapukusa kuti asathe mabatire, akupukusa akuyimba kale nyimboyo isanayambe. Wailesi ikatafuna tepi sakwiya, amaisolola pang'onopang'ono ndi chikhadabo, kuiwongola pa ntchafu, ikaduka amalumikiza ndi kaselotepi kodula mosamala, nde pamalo pamenepo nyimbo imameza mawu awiri ndipo ana onse a m'nyumba muja tinaiphunzira choncho ndi kumeza kwakeko. M'katoni imeneyo muli mawu a anthu omwe ambiri anatisiya, ndipo ikatayika palibe kampani ya kunja yomwe idzatibwezere.

Sindikunena kuti kaseti imamveka bwino kuposa zonse ayi, tisanamizane. Kaseti ya Philips ija ndi ya 1963, imachita phokoso la sss pansipansi, ikakhala padzuwa la October imafutukuka mawu n'kumakoka. Pa kamvekedwe mfumu ndi CD, yomwe Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982. CD imatulutsa 1,411 kbps, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa data ya mawu pa sekondi, pomwe ma MP3 ambiri omwe timatumizirana ndi a 128, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya mawu inadulidwa kuti fayilo ichepe, mphindi imodzi izikwana mu MB imodzi. Pa kasipika ka foni kusiyana simungakumve, koma tengani sungura muike pa masipika enieni, pa CD besi gitala imamveka chingwe chilichonse pachokha, ng'oma zili apo, rhythm ili apo, pomwe MP3 yochotsedwa pa vidiyo n'kudutsa m'mafoni a anthu angapo zonse zimangomveka zopiringizana ndipo timbale ta ng'oma tija timangoti tswii tswii. Vuto la CD ndi kukalika, ikangokalika yayamba kudumphadumpha, nde m'kombi za m'misewu yathu yamaenjeyi sinkachedwa kutha. N'chifukwa chake madalaivala onse anathawira ku fulashi.

Za zimbale zakuda zija za galamafoni sinditaya nthawi. Ku America zabwereranso moti mu 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba kuchokera mu 1987, ndipo amene muli ndi za 45 kapena za 33 za nthawi ya kampani ya nyimbo ya Gramma Records musunge ndithu. Koma mtengo wa chimbale chatsopano ndi makina ake si wa munthu wokwera kombi.

Tsopano pali nkhani ya woimba mwini wake, apa nde pamafunika tinene chilungamo tonse. Kugwira chinthu m'manja pakokha si umboni woti woimba wadyapo. Ma CD obena aja omwe anadzaza m'misewu ya m'tauni, pa Copacabana, pa Market Square ndi ku Mbare Musika, awiri pa dola, ndi omwe anagwetsa malonda a nyimbo m'dziko muno, makampani ngati Gramma ndi ZMC omwe ankajambula ndi kugulitsa nyimbo anafooka tikuona. Kumudzinso chimodzimodzi. Lero zafika poti mnyamata wa laputopu amakudzazira fulashi yonse, nyimbo masauzande, pa ndalama yosakwana kugula nkhomaliro, woimba osaona olo kobiri. Nde wina anganene kuti bola pa intaneti poti amalipira. Amalipiradi, koma tamvani mmene zimayendera. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa ukaimvera masekondi 30, ndalama yake pa kumvera kumodzi siikwana olo senti imodzi, ndipo kuyambira 2024 nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 siilandira kalikonse. Ganizani kwaya yathu ya Chichewa ya kuno, omvera ake ndi ife tomwe, ochepa, ambiri opanda data. Idzafika liti pamenepo? Pomwe kwaya yomweyo ikaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu ndi ma CD ake, anthu n'kugula pa madola awiri kapena atatu, madzulo ake ali ndi ndalama ya mayunifomu kapena ya basi yopitira ku msonkhano. Ine ndalama yanga ndimafuna ndiione ikulowa m'manja mwa amene waimba, ndimugwire chanza, andilembere dzina pachikuto.

Chinanso chomwe ndimakonda pa chimbale ndi chikuto chomwecho. Pamalembedwa amene anaimba lead, amene anagwira besi, situdiyo yomwe anajambulira, chaka chake. Pa fulashi yodzazitsa pamsika mumangopeza Track 01, Track 02, mwana akukula akuvina nyimbo osadziwa mwini wake. Komanso chimbale umamvera chonse mwa ndondomeko yomwe woimba anakonza, nyimbo ina yomwe poyamba sunaikonde imadzakulowa patapita miyezi chifukwa inali pakati pa ziwiri zomwe umazifuna. Pa foni chala sichikhazikika, nyimbo isanafike pakati wadumpha kale, makamaka sungura yomwe nyimbo imodzi imatha kupitirira mphindi khumi ndipo pokoma penipeni ndi kumapeto magitala akasinthana.

Nde ine ndimachita chonchi. Intaneti ndimasakira, ndikamva kanyimbo pa National FM nthawi ya Chichewa kapena m'kombi ndimakafufuza kuti ndi ndani. Ikandigwira ndimasaka njira yogulira, ngati pali CD yeniyeni ndigula, ngati woimbayo amagulitsa yekha pa foni ndimutumizira ndalama anditumizire fayilo yabwino. Kenako ndimakopera pa memory card yoyenda nayo, CD ija ndimaisunga m'kabati kuti isakalike. Memory card nayo si yoidalira yokha, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, imatha kungofa tsiku limodzi kapena kupita ndi foni yobedwa, nde ndi bwino zomwezo zikhalenso pa fulashi ina kapena pa kompyuta.

Pempho langa lipite kwa inu amene muli ndi makaseti a makolo m'nyumba, chonde musataye posamuka kapena pogawa katundu wa malemu. Kuwasamutsira pa kompyuta si zovuta, pamangofunika wailesi ya kaseti yomwe ikuyendabe bwino, kachingwe kochoka pa bowo la mahedifoni kupita pa kompyuta, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity. Chofunika kwambiri ndi nthawi chifukwa kaseti ya C90 imatenga mphindi 90 zomwezo, palibe kuthamangitsa. Mukamaliza mujambulenso chikuto mbali zonse ndi foni, fayilo iliyonse muilembe dzina la kwaya, mpingo ndi chaka ngati chalembedwa, ndipo mufunse achikulire akadali moyo kuti anabwera nayo ndani. Wailesi yanga ya kaseti ikugwirabe ntchito, amene mulibe mundiuze tikakumana ku tchalitchi tipangane tsiku, katoni ya ku Mabvuku ija nde tiyambira.