Squid ikamachedwa masekondi 5, yambani mwaifunsa DNS

Maganizo anga ndi akuti Squid (pulogalamu ya proxy yomwe imatenga ndi kusunga masamba a pa intaneti m'malo mwa ogwiritsa ntchito) ikachedwa, tikumathamangira kuimba mlandu bandwidth ndi disiki ya cache, pomwe nthawi zambiri wolakwa amakhala name server, seva ya DNS yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi ya IP.

Chizindikiro chake sichibisika. Tsamba lomwe simunalitsegulepo limayamba laima duu, kenako n'kubwera lonse kamodzi. Mukalitsegulanso limabwera pompopompo, chifukwa Squid yasunga kale adiresi ya tsambalo mu ipcache, momwe imasungamo maadiresi omwe yapeza. Bandwidth yochepa simachita choncho, iyo imakoka chilichonse pang'onopang'ono.

Ndiye werengani nthawi. Mu access.log, momwe Squid imalembamo pempho lililonse, nambala yachiwiri pa mzere uliwonse ndi mamilisekondi omwe pempho latenga. Mukaona mizere yambiri ikuzungulira pa 5000 n'kachidutswa pamwamba pake, mwaipeza nkhani. Squid ikatumiza funso ku name server osayankhidwa, imadikira masekondi 5 a dns_retransmit_interval isanayesenso, ndipo imagonja pa masekondi 30 a dns_timeout. Onjezani %dt mu logformat kuti nthawi ya DNS izioneka payokha.

Tsono tsegulani mgr:idns, lipoti la DNS la mu cache manager (gawo la Squid loonetsa momwe ikugwirira ntchito). Imaonetsa name server iliyonse, mafunso omwe yatumiziridwa ndi mayankho omwe yabweza. Yomwe mayankho ake akuperewera kwambiri ndiye ikudwalayo. Itsimikizeni ndi dig (pulogalamu yofunsira DNS), seva iliyonse payokha, kuchokera pa makina a proxy omwewo osati pa laputopu yanu, n'kuona Query time. Funsani A (adiresi ya IPv4), funsaninso AAAA (adiresi ya IPv6). Pali ma firewall ena omwe amangomeza mafunso a AAAA osanena kanthu, ndipo ena amatseka TCP pa port 53 ya DNS n'kuiwala kuti mayankho aakulu amadutsira pomwepo.

China chomwe chimapusitsa anthu: mwakonza /etc/resolv.conf, faiyilo yolembamo ma name server, koma Squid ikufunsabe seva yakufa ija. Faiyiloyo imaiwerenga poyamba ntchito basi, choncho pamafunika squid -k reconfigure. Ngati dns_nameservers yalembedwa mu squid.conf, resolv.conf ilibenso mawu.

Onaninso ma ACL (malamulo olola kapena kuletsa mapempho) a srcdomain, chifukwa amakakamiza Squid kufufuza dzina la kompyuta iliyonse yopempha kuchokera ku adiresi yake, ndipo maadiresi a mkati mwa ofesi kawirikawiri alibe PTR, rekodi ya DNS yolumikiza adiresi ndi dzina.

Zokweza dns_timeout sindigwirizana nazo, kumeneko n'kungotalikitsa kudikira. Ikani Unbound (name server yosunga mayankho) pa makina a proxy omwewo, lozani dns_nameservers ku 127.0.0.1, ndipo ngati ogwiritsa ntchito ndi ochuluka, kwezani ipcache_size kuchoka pa 1024 yomwe imabwera nayo.