Pemphero la amene ali pamsewu kukana nkhondo

Abale ndi alongo a ku Matero, Chawama, Kanyama, Mtendere ndi Lusaka yense, tiyeni tigwade limodzi. Amene muli m'minibasi, pempherani chamumtima.

Atate wakumwamba, Namalenga, Inu amene munaumba mitundu yonse ndi dothi limodzi, tabwera ndi ana anu amene adzaza misewu ya mizinda yakutali, zikwangwani zili m'manja, mawu atasasa ndi kukuwa kuti nkhondo ithe. Ife timangowaona pafoni magetsi akabwera. Inu mumawadziwa mmodzimmodzi, ngakhale gogo uja wotsalira m'mbuyo ndi ndodo yake.

Tiyambe ndi kuulula, Ambuye: mitima yathu imakayika. Timakumbukira pa 15 Febuluwale 2003, pamene anthu mamiliyoni anatuluka tsiku limodzi m'mizinda mazanamazana, ku London, ku Rome, ku Madrid, mpaka ku Johannesburg, kukana kuti Iraq amenyedwe. Pasanathe milungu isanu, pa 20 Malichi, mabomba anali akugwa pa Baghdad. Akuluakulu anamva phokosolo nagontha m'khutu. Kuyambira pamenepo ena mwa ife tikaona zionetsero timangopukusa mutu kuti aa, akungotha nsapato awa. Tikhululukireni, Atate.

Pajatu chaka chomwecho munatisonyezanso china. Amayi a ku Liberia, Akhristu ndi Asilamu, anavala zoyera nakhala pansi kukana nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lawo pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, dzuwa liwombe, mvula igwe. Anawatsatira atsogoleri a magulu omenyanawo mpaka ku Accra m'dziko la Ghana, nakhala pakhomo pa chipinda cha zokambirana, amvekere simutuluka musanagwirizane. Mu Ogasiti pangano linasainidwa. Amayi amenewa analibe ndege kapena kasinja, anali ndi mipango kumutu basi. Mphamvu imene munapatsa mtsogoleri wawo Leymah Gbowee ndi anzake, muipatsenso amene akuyenda lero.

Tikupempherera amene kutuluka kwawo n'kuika moyo pachiswe. Mu 2022 apolisi anagwira anthu zikwizikwi ku Moscow, Saint Petersburg ndi mizinda ina chifukwa chokana nkhondo ya ku Ukraine. Ena anatengedwa atangonyamula pepala losalembedwa kanthu. Amene akadali m'ndende, kaloweni m'chitolokosimo mukhale nawo. Ana awo asagone ndi njala. Wapolisi wagwira chibonga ndi utsi wokhetsa misozi uja nayenso ndi mwana wa munthu. Lemeretsani dzanja lake lisakwere.

Ndipo amene akuyendawo muwasunge kwa iwo eni. Wolirira ana a ku Gaza asatukwane Myuda wodutsa ndi njira yake, wolirira amene anaphedwa ku Israel asatemberere Msilamu. Wobwera ndi mwala ndi machesi kuti athyole sitolo ya mwini, m'bwezeni kwawo.

Ambuye, musatilole kunena kuti izi n'za azungu. Mzinda uno fungo la wonga umalidziwa. Makolo athu amasimba za Okutobala 1978, ndege za Rhodesia zitaphulitsa msasa wa omenyera ufulu a ku Zimbabwe ku Chikumbi, pamphuno pa Lusaka pompa, magalimoto n'kumatuta ovulala kupita nawo kuchipatala. Muno ndi mmene anasainira mapepala a mtendere wa Angola mu 1994 ndi a Congo mu 1999. Inki inauma, mfuti zinaliranso. M'misasa ya othawa nkhondo ya ku Meheba, ku Mayukwayukwa ndi ku Mantapala muli alendo amene anathawa opanda ngakhale mphika. Ndiye pali mnyamata wathu uja, anapita ku Moscow kukaphunzira, nathera pankhondo ya ku Ukraine mu 2022, kubwerera kwawo ali m'bokosi. Tonthozani makolo ake. Nkhondo imene timaiyesa yakutali inatipeza ndi kumunda komwe, feteleza atakwera mtengo, inatipezanso pa botolo la mafuta ophikira ku Soweto Market. Akuluakulu ananena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimatiwawa n'chakuti pali nkhondo zina zosowa oziyendera pamsewu. Sudan akuyaka kuyambira Epulo 2023. Mzinda wa Goma ku Congo unagwa m'manja mwa zigawenga za M23 mu Januwale 2025, apa pakhomo pathu. Misewu ikuluikulu ya dziko lapansi siidzaza chifukwa cha iwo, ndipo nafenso, kunena zoona, Cairo Road sitinaidzazepo. Amayi a ku Darfur ku Sudan ndi a ku Kivu ku Congo magazi awo ndi ofiira ngati a wina aliyense. Autsireni owalankhulira, ndipo ngati olankhulawo ndi ife, tichotseni manyazi ndi ulesi.

Atsogoleri amene amatuma ana a anzawo kukafa, awo ali kusukulu kunja, alandeni tulo. Phokoso la pamsewu liwatsate mpaka kuchipinda. Ogulitsa zida malonda awo awavundire m'manja. Okhala patebulo la zokambirana asadzuke msanga.

Usiku uno gwirani mapazi otupa a amene ayenda tsiku lonse. Amene sanafike kunyumba, afikitseni. Mayi amene wakhala pakhomo kudikira mwana wake, amve kugogoda.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Mpulumutsi wathu. Amen.