Amaya sanathe, mmodzi anandikweza piramidi

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox za zithunzi zija ndinaika mwezi watha, kuti kumeneku ndi kuti ndipo ulendowo unadya zingati. Za ndalama musandifunse pagulu, ndikukudziwani inu, mawa lomweli mundiuza kuti nditumize ya feteleza. Koma malowo ndi ku Belize, ndipo pali china chakhala chikundidya mumtima chibwerere, ndiye ndiloleni ndichitule pano.

Belize ndi kadziko ka ku Central America, kumpoto kwake kuli Mexico, kumadzulo ndi kummwera Guatemala, kum'mawa nyanja ya Caribbean. Dziko lonselo ndi laling'ono kuposa nyanja ya Malawi, anthu ake ndi 400,000 ndi kakuti, osafika ngakhale theka la anthu a mumzinda wa Lilongwe. Linali pansi pa Angerezi ngati ife, dzina lake lakale ndi British Honduras, ndipo ufulu linalandira mochedwa, mu 1981. Choncho Chingerezi chimayenda, simusowa womasulira. Tinapita anthu asanu ogwira ntchito limodzi kuno ku America, wakuda ndekha, pa ulendo uja amagulitsa ngati mtolo umodzi: masiku angapo kupalasa kayaki panyanja, angapo m'nkhalango kuona nyama, otsala kukaona mizinda yakale ya Amaya, mtundu wa anthu omwe anamanga mapiramidi m'chigawochi kalekale. Pakapepala kotsatsa malonda analemba kuti tikaona zotsalira za mtundu womwe unazimirira. Mawu amenewo muwasunge, tibwererako.

Ndiyambe ndi nyanja, chifukwa ndi kumene ndinachita manyazi. Ine ndine wa ku Ntcheu, madzi omwe ndimawadziwa ndi a m'ndowa. Tinanyamuka ku Dangriga, tawuni ya m'mbali mwa nyanja, pa boti la injini mpaka ku Glover's Reef, kutali ndithu moti mtunda sumaonekanso. Kayaki ndi kabwato kowonda kapulasitiki, nkhafi yake ili ndi mapeto awiri, ndipo ukangotembenuka modzidzimuka kuti uone kamba wadutsa, basi wagubuduka. Ndi zomwe zinandichitikira tsiku lachiwiri. Madzi ake anali ofika m'chiuno chabe, koma ndinaphiriphitha ngati nkhuku yodulidwa khosi, mpaka bondo linakhula pa korali magazi chuchuchu. Mnyamata wotiperekeza, wa mtundu wa Agarifuna a ku Dangriga komweko, anafika msangamsanga, nkuyamba wasuzumira m'madzi kaye kuona pomwe ndaponda. Bondo langa analiona pambuyo.

Zinandipweteka mumtima, sindinama. Koma madzulo akundipaka mankhwala anandifotokozera, ndipo ndinamumvetsa. Zomwe ine ndinkaziona ngati miyala yokongola ndi tizilombo tamoyo tating'onoting'ono tomwe timamanga nyumba zake za laimu, tina pa chaka chathunthu timangokula sentimita imodzi. Phazi limodzi la mlendo wa ku Ntcheu likhoza kuthyola ntchito ya zaka makumi. M'kati mwa tizilomboti mumakhala ndere zomwe zimatidyetsa ndi kutipatsa mtundu, tsono madzi akatentha kwambiri timazilavula, korali nkuyera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Anandionetsanso nsomba ya mlomo ngati wa chinkhwe yomwe imakhalira kukukuta ndere pa korali tsiku lonse. Ukamira umachita kumva khurukhuru. Boma la Belize linaletsa kugwira nsombayi mu 2009 chifukwa ndiyo imapalira mundawo. Ndipo mchenga woyera uja tinkajambulitsapo zithunzi, wambiri ndi chimbudzi cha nsomba yomweyo. Mnzanga wina atamva zimenezi anadzuka pomwe anagona.

Mpanda wa korali wa ku Belize ndi wautali pafupifupi makilomita 300. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1996, kenako mu 2009 inauika pa mndandanda wa malo omwe ali pangozi, mwa zina chifukwa cha kudula mitengo ya m'mphepete mwa nyanja kuti amange mahotela. Panabweranso nkhani yokumba mafuta pansi pa nyanja. Mu 2012 anthu wamba anachititsa voti yawoyawo, oposa 90 pa 100 alionse anakana mafutawo. Kumapeto kwa 2017 boma linakhazikitsa lamulo loimitsa kufufuza mafuta m'madzi ake onse, ndipo mu 2018 mpandawo unachotsedwa pa mndandanda wa zangozi. Ndikumva izi maganizo anathamangira kwathu, komwe nkhani ya mafuta a pa nyanja imangotuluka nkubisalanso, asodzi a ku Nkhata Bay osafunsidwa ndi munthu. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Kunkhalango tinapita ku Cockscomb Basin, malo oyamba pa dziko lonse kupatulidwa chifukwa cha jagwa, chilombo chonga kambuku koma chojintcha. Katswiri wa nyama wa ku America, Alan Rabinowitz, ndiye anafufuza jagwa kumeneko nkukakamiza boma kuti liteteze malowo m'zaka za m'ma 1980. Ndikuuzeni chilungamo: jagwa sitinamuone. Tinaona phazi lake pamatope, lalikulu ngati chikhatho changa, basi. Mayi wina wa m'gulu lathu anakwiya nkumati amubwezere ndalama zina, ngati kuti jagwayo analembedwa ntchito ndipo wajomba. Zomwe tinaona ndi nyerere zosenza timasamba pamutu, mzere wautali ngati amayi akuchokera kudimba, mbalame ya mlomo waukulu wamawangamawanga yomwe ndi chizindikiro cha dzikolo, ndi udzudzu woti nkuuthawa.

Pachipata cholowera m'nkhalangoyi pali mudzi wotchedwa Maya Center, pomwe amayi amagulitsa mikanda, madengu ndi miyala yosema. Anzanga anatsika, kunenerera mitengo, kugula, kukwera galimoto. Palibe anafunsa kuti mudziwu unapezeka bwanji pamsewu. Mabanja oyamba a pamenepo ankakhala m'kati mwa nkhalangomo, pamalo otchedwa Quam Bank, ndipo anasamutsidwa kuti jagwa akhale mwamtendere. Sindikunena kuti jagwa asatetezedwe, ayi. Ndikunena kuti nkhalango yomwe amatigulitsa ngati yosakhudzidwa ndi munthu chilengedwere ili ndi manda a anthu, ili ndi minda yomwe wina ankalima, ndipo mwini mundawo ndi yemwe mukumunenerera dengu kuti akuchotsereni dola imodzi.

Njira ina ilipo, ndipo tinaiona ku Bermudian Landing, m'mbali mwa mtsinje wa Belize. Kumeneko mu 1985 alimi anagwirizana mwa kufuna kwawo kuti asamadule mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi ya m'malire a minda, kuti apusi akuda azidutsamo ndi kudyamo. Palibe anasamutsidwa, palibe waya wamagetsi, ndipo lero akuyendetsa ntchitoyo ndi amayi a m'midzi yomweyo. Eni ake apusiwa amawatchula ndi dzina la Chingerezi la nyani, koma nyani weniweni wa ku Zomba atawaona angaseke. Kanyama kake ndi kochepa, koma kubangula kwake! Tsiku loyamba kanandidzutsa m'bandakucha, ndinakhala tsonga pabedi kuyesa mkango uli pakhonde. Pamenepa mpomwe tinaonadi nyama pafupi, mayi ali ndi mwana kumsana, m'mtengo wa kuseri kwa khitchini ya munthu.

Tsopano ku mizinda yakale, komwe kuli mutu wa nkhani yanga. Kuti ufike ku Xunantunich umawoloka mtsinje wa Mopan pa pantoni yoyendetsa ndi manja, munthu akupukusa chitsulo ngati chigayo cha nyama, galimoto zili pomwepo. Kutsidya kuli piramidi yotchedwa El Castillo, yotalika pafupifupi mamita 40, ndipo ukafika pamwamba Guatemala umamuona apo. Anamanga popanda chitsulo, popanda ngolo, popanda ng'ombe kapena bulu wosenza miyala. Anthu amenewa anali ndi zilembo zawo, kalendala yawo, ndipo ankawerengera ndi ziro kalekale. Kummwera kwake kuli Caracol, mzinda womwe mu 562 unagonjetsa pa nkhondo Tikal, mzinda wina wamphamvu wa Amaya ku Guatemala, ndipo nyumba yake yotchedwa Caana mpaka lero ili m'gulu la nyumba zazitali kwambiri m'dziko lonse la Belize.

Wotiperekeza anali bambo wachikulire wa m'mudzi wa San Jose Succotz, womwe uli pakhomo penipeni pa pantoni ija. Masitepe ake ndi aatali, bondo langa linali lisanapole, ndiye bamboyo ankandigwira dzanja. Tili pamwamba, mnzanga wina anafunsa ndi nkhope yachisoni kuti, kodi Amaya anapita kuti? Bamboyo asanayankhe foni inalira m'thumba. Anapepesa, nkuyankha, nkulankhula mphindi ziwiri m'chilankhulo chomwe sichinali Chingerezi kapena Chisipanishi. Atadula anatiuza kuti anali mayi ake, akuti pobwera agule shuga. Kenako anatembenukira kwa mnzanga uja nkumufunsa mwaulemu kuti abwereze funso lija. Sanalibwereze.

Ife Achewa mawu oti bwinja timawadziwa bwino. Nthaka ikaguga, imfa zikachuluka, kapena anthu akayambana, mudzi umasamuka, pamatsala maziko a nyumba, mitengo ya mango ndi mapale. Koma ndani anaonapo bwinja nkunena kuti mtundu wa a Phiri watha? Zomwe zinachitika kwa Amaya ndi zomwezo, kungoti pamlingo waukulu. Cha m'ma 800 mpaka 900 mizinda yambiri ya m'chigawochi inasiyidwa chifukwa cha chilala chobwerezabwereza, nkhondo za mafumu ndi nthaka yotopa. Ufumu unagwa, anthu anabalalika nkupitiriza kulima. Mizinda ina monga Lamanai inalipobe ndi anthu pomwe Asipanishi ankafika, moti pafupi ndi mapiramidi ake pali zipupa za matchalitchi omwe azunguwo anamanga. Lero Amaya alipo mamiliyoni angapo ku Guatemala, Mexico, Belize ndi Honduras. Ku Belize munthu mmodzi mwa khumi ndi Mmaya: Amopan, Aq'eqchi' ndi Ayucatec.

Nanga bwanji kapepala kaja kakuti anazimirira? Ine maganizo anga ndi akuti mtundu wozimirira umagulitsika bwino, komanso sufunsa za malo. Mmaya wakufa ndi wokoma pa chithunzi. Wamoyo amapita kukhoti. Amaya a m'boma la Toledo analimbana ndi boma lawo zaka zambiri pa nkhani ya malo a makolo omwe ankaperekedwa kwa odula mitengo ndi ofufuza mafuta, mpaka mu 2015 khoti lalikulu la m'chigawo cha Caribbean linatsimikiza kuti malowo ndi awo. Nkhani imeneyo pa kapepala panalibe. Panalibenso yoti mu 2013 kampani ina yokonza misewu inagumula piramidi ya ku Nohmul, ya zaka zoposa 2,000, kuti ipeze miyala yothira mumsewu. Abale a ku Zimbabwe nyimbo imeneyi mukuidziwa: atsamunda anakakamira zaka zambiri kuti mzinda wakale wa miyala wa Great Zimbabwe sanamange anthu akuda, eni ake ali pomwepo akuweta ng'ombe kuseri kwa mpanda.

Ndiye wina andifunse kuti, kodi tisapiteko? Pitani, mukakhala nazo. Madzi aja sindinaonepo, ndipo ndikadzapeza mpata ndidzabwerera. Koma ine ndikadzabwerera sindidzagulanso mtolo wothamangitsana, lero nyanja mawa jagwa mkuja piramidi, ngati tikuchonga mayina pa kaundula wa makuponi. Ndidzafunsa kaye kuti malo ogonawo mwini wake ndani, boti ndi la ndani, woperekeza amalandira zingati pa zomwe ndalipira. Ku Dangriga tinangodutsa ngati pa siteji ya minibasi, chonsecho ndi kuchimake kwa Agarifuna, anthu a magazi a ku Africa osakanikirana ndi eni zilumba za Caribbean, omwe amakumbukira kufika kwawo pa 19 Novembala chaka chilichonse ndi ng'oma zoti Mchewa sangakhale pansi. Chakudya chawo, nsomba yophika mu mkaka wa kokonati ndi nthochi zosinja mu mtondo, ndinachilawa nditaimirira, dalaivala akuliza hutala.

Tsiku lomaliza ndinawathawa anzanga, iwo akupita kukagula masikipa. Bambo wa ku Succotz uja ananditengera kwawo. Mlongo wawo anali pa moto, akuumba timikate tachimanga topyapyala nkumatiwotcha pa chiwaya chathyathyathya. Chimanga chomwe timati ndi moyo wathu chinachokera mbali yomweyo ya dziko, anayamba kuchilima kummwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo Amaya akale ankakhulupirira kuti munthu anaumbidwa ndi ufa wa chimanga. Iwo asanachipere amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, nkuchisiya usiku wonse. Kuteroko gaga amasupuka mosavuta, komanso thupi limatha kutengamo vitamini B3 yemwe popanda kutero amangodutsa, ndipo kusowa kwake ndi komwe kumabweretsa matenda osupula khungu aja a pellagra. Mbewu inawoloka nyanja kufika kwathu, koma nzeru imeneyi inatsalira. Ndinawauza mayiwo kuti madzi a phulusa nafenso tili nawo, timati chidulo, koma timathira mu therere. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu.

Kenako anafuna kudziwa kuti nanga chimangacho timadya bwanji. Ndinatulutsa foni, nkuwaonetsa chithunzi cha nsima ya mayi anga, mitanda itatu ndi usipa pambali. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, nkuitana mayi awo aja a shuga kuti adzaone. Gogoyo anafunsa kanthu m'chilankhulo chawo, mwana wawo nkumasulira: akuti kodi mukatha kuumba chonchi, mumawotcha nthawi yanji?