Roketi yakuda ndi mwaye ndiyo ndimaipatsa ulemu

Anzanga, ambiri mwaonapo kanema wa roketi ikubwerera pansi. Chimtengo chachitsulo chotalika mamita oposa 40 chikutsika kuchokera m'mitambo, moto ukulilima kunsi kwake, miyendo inayi n'kutambasuka, kenako chaima njo! Ena amati ndi kanema woyendetsedwa chobwerera m'mbuyo, ena amati ndi zoseweretsa za anthu a ndalama. Ine ndimaonera, ndipo mtima umagunda nthawi zonse. Koma maganizo anga ndi akuti timaombera m'manja pamalo olakwika. Kutera n'kokongola, sindikukana. Chimene chasinthadi zinthu ndi kunyamukanso kwa roketi yomweyo, kachiwiri, kachikhumi, mopanda chikondwerero.

Kale roketi inkatayidwa, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chimafunika liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Liwiro lotere limadya mafuta oopsa, moti roketi ikaima pamalo onyamukira, kulemera kwake pafupifupi konse ndi mafuta, thupi lake n'kachikopa chabe. Kilogalamu iliyonse ya miyendo kapena ya mafuta obwererera ndi kilogalamu imene yalandidwa kwa katundu. Saturn V, imene inatengera anthu kumwezi, inali yotalika mamita 110 ndipo inauluka ka 13 kuyambira 1967 mpaka 1973. Pa maulendo a kumwezi, pa chimphona chonsecho chinkabwerera ndi kachipinda kokhalamo anthu atatu basi. Zotsalazo zinamira m'nyanja, zinapsa, kapena zinatsala mlengalenga.

Tsopano taonani Falcon 9, roketi ya zigawo ziwiri ya kampani ya ku America ya SpaceX, ndi zimene chigawo chake cham'munsi chimachita. Chili ndi mainjini 9 amene amayaka ndi mafuta a mtundu wa parafini osakaniza ndi okosijeni wamadzimadzi. Pakatha mphindi ziwiri ndi theka chinyamukireni, mainjiniwo amazima, chigawo chapamwamba n'kupitiriza ulendo ndi katundu. Cham'munsicho chimatsala chokha pamtunda wa makilomita oposa 60, chikuthamangabe makilomita masauzande pa ola. Timapaipi ta m'mbali timapemerera mpweya woyera, phwii phwii, mpaka chitatembenuka kutsogoza mainjini. Kumtunda kwake kumatseguka tizipsepse tinayi tokhala ngati sefa, towongolera mphepo. Chikayamba kulowa mumpweya wochindikala, mainjini atatu amayakanso kuti achepetse liwiro, ndipo apa roketi imadutsa m'kati mwa utsi wake womwe. Ndiye chiyambi cha mwaye umene mumauona uja.

Gawo lomaliza ndi limene limandiimitsa mpweya. Roketi yopanda mafuta ndi yopepuka kwambiri, moti ngakhale injini imodzi yokha itachepetsedwa mphamvu mpaka pamapeto, imakankhabe kuposa kulemera kwake. Ndiye kuti singayandame m'malere n'kumafunafuna potera ngati helikoputa. Ikayatsa injini msanga, iima isanafike pansi n'kuyamba kukweranso. Ikachedwa pang'ono, imenya pansi. Liwiro liyenera kuthera pomwepo pamene miyendo yakhudza. Palibe munthu amene wagwira chiwongolero, ndi kompyuta ya m'kati imene ikuwerengera zonsezi mphepo ikuwomba, ndipo kawirikawiri potera pake ndi sitima yopanda anthu imene ikugwedezeka ndi mafunde makilomita mazanamazana kuchokera kumtunda. Zonsezi zimatha pasanakwane mphindi 10. Ikamatera kumtunda, anthu oonera ali m'mphepete mwa nyanja ku Florida amaiona ikutsika mwakachetechete, kenako mkokomo wa liwiro lake n'kuwapeza ngati mizinga, mawindo n'kunjenjemera.

Sizinatheke tsiku limodzi. Mu Januwale 2015 mafuta oyendetsera tizipsepse tija anatha isanafike, inamenya sitima chopendekeka n'kuphulika. Mu Epulo chaka chomwecho inafika bwino koma inagwa cham'mbali. Mu Januwale 2016 inatera mofatsa ndithu, mwendo umodzi osakhoma, n'kugwa pang'onopang'ono anthu akuona. Pakati pa zolepherazi, pa 21 Disembala 2015, ndi pamene ina inatera bwinobwino ku Cape Canaveral, ku Florida, itaperekeza masetilaiti. Mwezi umodzi izi zisanachitike, roketi ya New Shepard ya kampani ina, Blue Origin, inali itateranso, ngakhale kuti iyo imangokwera n'kutsika osazungulira dziko. Ndipo maganizowa sanayambe ndi makampani awiriwa: mu 1993 chombo choyesera cha DC-X chinkanyamuka ndi kutera chilili ku White Sands, ku America.

Koma mukudziwa kumene roketi yotchuka ya Disembala 2015 ija ili? Sinaulukenso. Anaiimika panja pa maofesi a SpaceX ku Hawthorne, ku California, kuti odutsa aziiona. Ine tsiku limene ndimaliwerengera ndi 30 Malichi 2017, pamene chigawo chimene chinatera pa sitima mu Epulo 2016 chinanyamukanso ndi setilaiti ya SES-10. Tsiku limeneli sililankhulidwa kwambiri, chifukwa kwa oonera kunyamuka kwake kunkaoneka ngati kwa masiku onse.

Ndikulimbikira mfundo imeneyi chifukwa tinaonapo kale chombo chotera mokongola. Space Shuttle ya NASA, bungwe la boma la America loona za mlengalenga, inkabwera ngati ndege, matayala n'kukhudza msewu, aliyense n'kusangalala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ikatera inkafuna miyezi ya ntchito: mainjini kuchotsedwa ndi kufufuzidwa, matailosi oteteza kutentha masauzandemasauzande kuyang'anidwa limodzilimodzi. Thanki yaikulu ya mafuta inkatayidwa ulendo uliwonse, ndipo maroketi awiri a m'mbali ankagwera m'madzi amchere n'kukavuulidwa kuti akakonzedwenso. Poyamba ankalonjeza maulendo ambirimbiri pachaka. Kuyambira 1981 mpaka 2011 inauluka ka 135, ndipo anthu 14 anafera pa zombo ziwiri za Shuttle, Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003. Sindikunyoza ntchito ya anthu amenewo, anamanga nawo International Space Station, malo ofufuzira a mlengalenga, ndi kukonza telesikopu ya Hubble. Koma kubweza chombo ndi nkhani ina, kuchigwiritsanso ntchito motsika mtengo ndi nkhani inanso.

Yerekezani ndi izi: m'chaka cha 2024 chokha maroketi a Falcon ananyamuka ka 134. Pali zigawo zimene zauluka maulendo opitirira 20, ndipo zina zanyamukanso pasanathe milungu iwiri ziterereni. Mu Epulo 2021 NASA inalola anthu anayi kukwera pa chigawo chimene chinali chitaulukapo kale. Kwa ine umenewu ndi umboni woposa kanema aliyense, chifukwa palibe amene angaike anthu ake pa chinthu chimene sakuchikhulupirira. Mukadzaoneranso, yang'anani roketi isanayatsidwe. Chigawo chapamwamba chimakhala choyera mbee, chatsopano. Cham'munsi chimakhala chotuwa, chamizeremizere yakuda, chifukwa sachipakanso penti. Chakudacho ndicho chagwira ntchito.

Choyera chija ndicho chikundivutitsa, chifukwa chimasonyeza kuti ntchitoyi ili pakati. Chigawo chapamwamba cha Falcon 9 chimatayidwabe ulendo uliwonse. Kuchibweza n'kovuta kwambiri popeza icho chimafika pa liwiro lonse lija, ndipo pobwerera chimakumana ndi kutentha kosungunula chitsulo. Komanso kubweza cham'munsi si kwaulere: roketi yosunga mafuta obwererera imanyamula katundu wocheperako, n'chifukwa chake katundu akalemera kwambiri nthawi zina amalolera kuchitaya.

Palinso nkhani ya ndalama, imene oombera m'manja sakonda kuikamba. Mtengo umene SpaceX inkalengeza wa Falcon 9 unali madola 62 miliyoni kwa zaka zingapo, ndipo mu 2022 unakwera kufika 67 miliyoni. N'zoona kuti ndi wotsikirapo poyerekeza ndi maroketi ambiri akale, koma sunagwe monga mmene munthu angaganizire poona chigawo chimodzi chikuuluka ka 20. Wogulitsa akakhala yekha alibe chifukwa chotsitsira. Phindu lalikulu lapita ku Starlink, masetilaiti a intaneti a kampani yomweyo, amene ndiwo katundu wa maulendo ambiri a Falcon. Athandiza anthu a kumalo kumene chingwe sichifika, izi n'zoona. Koma alipo masauzande, akatswiri a zakuthambo akudandaula kuti amajambulika ngati mizere pa zithunzi za nyenyezi, ndipo njira za mlengalenga zikuthinana. Thambo ndi la tonse, ndipo sindikuona bwino kuti kampani imodzi ndiyo ikhale ndi khomo lotsika mtengo lolowera kumeneko.

N'chifukwa chake ndinasangalala kwambiri mu Novembala 2025 pamene roketi ya New Glenn ya Blue Origin inateretsa chigawo chake pa sitima, pa ulendo wake wachiwiri. Sikuti ndili kumbali ya Jeff Bezos wa Blue Origin kapena ya Elon Musk wa SpaceX, anthu okangana za awiriwa amanditopetsa. Ndikufuna opikisana achuluke. Kampani ya Rocket Lab ikumanga roketi ya Neutron, makampani a ku China akuyesa awo, pamene Ariane 6 ya ku Ulaya, imene inayamba kuuluka mu 2024, imatayidwabe yonse. Zaka pafupifupi 10 zinadutsa wina asanatsanzire kutera kwa Falcon, ndipo kuchedwa kumeneku kukusonyeza kuuma kwa ntchitoyi.

Nanga Starship, roketi yaikulu yatsopano ya SpaceX? Pa 13 Okutobala 2024 chigawo chake cham'munsi, cha mamita pafupifupi 70 ndi mainjini 33, chinabwerera ku Starbase ku Texas, nsanja n'kuchiwakha ndi mikono iwiri yachitsulo. Chilibe miyendo n'komwe, kulemera kwa miyendo anakusiya pansi. Ndinaonera nditaimirira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti misozi inalengeza. Koma muyeso wanga ndi womwe uja. Chigawo chomwe chinawakhidwa mu Januwale 2025 chinaulukanso mu Meyi, ndipo chimenecho ndi chiyambi chabwino. Chombo chapamwamba ndiye pali nkhondo. Mu Januwale ndi mu Malichi 2025 chinasweka pamwamba pa dera la Caribbean, zidutswa zina n'kugwera ku zilumba za Turks and Caicos, ndege zonyamula anthu n'kupatutsidwa. Anthu a kumeneko sanapemphe nawo kuyesera kumeneku, ndipo dandaulo lawo liyenera kumveka.

Chombo chimenechi chavala matailosi akuda masauzande ambiri, vuto lomwe linasautsa Shuttle kwa zaka 30. Tsiku limene nsanja idzachiwakhe, intaneti yonse idzadzaza ndi kanema wake, nanenso ndidzaonera kangapo. Kenako ndidzafuna kumva kuti matailosi angati anathothoka, anthu angati anagwira ntchito yochikonza, ndiponso padutsa masiku angati kuti achithirenso mafuta.