Kuwerenga n'kwina, kuyeza n'kwina

Dzulo usiku kuno ku Mufakose mu Harare, magetsi atazima, ndinakhala pa kandulo ndi mwana wa mchemwali wanga amene akukonzekera mayeso a A-Level a ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe. Anati, "Amalume, buku likuti mwayi woti kombi ifike ndendende pakatha mphindi 10 ndi ziro. Nanga ikafikadi, masamu anama?"

Funso lake linandisangalatsa, koma mtima unandiwawa. Mwanayu ma formula onse analoweza pamtima, koma palibe anamuuzapo kuti zinthu zina timawerenga, zina timayeza.

Anthu okwera kombi (minibasi) timawerenga: 15, 16, 17. Pakati pa 16 ndi 17 palibe munthu. Izi ndiye amati discrete, ndipo nambala iliyonse ili ndi mwayi wakewake. Koma nthawi yodikira kombi pa renki ya Copacabana siiduka choncho. Pakati pa mphindi 10 ndi 11 pali masekondi, pakati pa masekondiwo pali tizidutswa tina tosatha. Izi ndiye continuous. Kamphindi kamodzi kalibe mulifupi, n'chifukwa chake mwayi wake ndi ziro. Funso loyankhika ndi lakuti "pakati pa mphindi zingati ndi zingati?"

Pamene ana ambiri amagwa ndi pa probability density function, mzere wa pa graph wosonyeza mmene mwayi wathithikirana. Amaona mzere wakwera, n'kumati ndiwo mwayiwo. Ayi ndithu. Ndinamuuza kuti aganize za madera awiri a mu Harare: Mbare, ndi Borrowdale kumene nyumba ndi zotalikirana. Ku Mbare anthu ndi othithikana, koma kuthithikanako sikukuuza kuti alipo angati mpaka utatchula kukula kwa dera. Mwayi nawo ndi malo amene ali kunsi kwa mzerewo, ndipo malo onse pamodzi ndi 1.

Tinayesa. Tinati kombi ingafike nthawi iliyonse mofanana mkati mwa theka la ola. Ukayeza m'maola, mzere umaima pa 2. Anadzidzimuka, "Amalume, mwayi sungapose 1!" Ndinati chulukitsa msinkhu wa mzerewo, 2, ndi mulifupi wake, 1/2. Anapeza 1, n'kuseka. Kenako anapeza yekha kuti pakati pa mphindi 10 ndi 20 mwayi ndi 1/3.

Ngakhale Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, mu 1809 anafika pa mzere wa mtunduwu wooneka ngati belu polimbana ndi zolakwika pa kuyeza zakumwamba. Aphunzitsi athu, chonde, yambirani pa renki ndi pa sikelo ya ku Mbare Musika, integration (masamu opezera malo a kunsi kwa mzere) ibwere pambuyo.

Loweruka tikupita naye pa Copacabana ndi wotchi ndi kope, tikalembe nthawi za makombi tokha.